Khoma la Anthu Anayi

M'mawa ndimaphunzitsa zomangamanga.
Ndimawauza anyamata kuti njerwa sinama,
ukaikhazika mopendekera lero, nyumba idzakuneneza mawa.
Ikakwana folo koloko ndimasamba simenti m'manja,
kukoleka wezulo m'khosi,
n'kupita kukaona khoma langa lina,
lija linagwa mvula isanadze.

Chaka chatha ndinali nawo anayi kumbuyo.
Twaibu anamaliza, akupaka pulasitala ku Namwera.
Sumani anakwera basi ya ku Joni usiku,
jezi yake anaisiya pachingwe isanaume.
Wachitatu bondo linamukana.
Ajasi anangoti, aphunzitsi, bambo adwala,
njinga ya kabaza ilibe wopalasa.
Ndimakumana naye pamlatho wa Shire,
amaliza belu kawiri,
za mpira sitikamba.

Tsono andipatsa awa.
Mdoka, wamtali ngati mgwalangwa,
koma mpira wam'mwamba ukamabwera amatsinzina.
Idirisa amathamanga kuposa onse,
kuthamangira komwe mpira unali kale.
Mbwana akufuna kugoletsa, basi,
akuti atsikana a kalasi ya zosoka
sasunga dzina la wotchinga.
Ndiye pali Lifa, kathupi kochepa,
nsapato za mkulu wake wafwatikamo nyuzipepala.

Loweruka loyamba anatimwetsa zisanu ndi ziwiri.
Goloboyi wathu anatola mpira muukonde
mpaka anasiya kutukwana.
A pulinsipolo anandiitana Lolemba:
tapezani mnyamata wodziwa kumwetsa.
Ndinavomera.
Ndikanawauza bwanji kuti denga saliyamba,
kuti palibe mlendo anayamikapo fawundeshoni?

Madzulo ake ndinatenga chingwe changa chomangira,
chomwe ndimaongolera nacho mizere ya njerwa,
n'kuwamanga m'chiuno onse anayi.
Wina akapita, nonse mwapita.
Wina akatsala, mumva kukoka.
Anagwa. Anadzuka. Anagwetsana ngati mbuzi za pamsika.
Ana a pulayimale anakwera mpanda kudzaseka,
wogulitsa mafirizesi anaiwala malonda.
Mbwana anati si ife ng'ombe.
Ndinati ng'ombe zikanamva kale.

Ramadani inatipeza tili pachingwe pomwepo.
Idirisa ndi Mbwana milomo itauma gwa,
dothi la bwalo likuwotcha kudzera m'nsapato.
Lifa sasala, kwawo ndi a tchalitchi,
koma botolo lake analisiya pansi pa mlambe
osalitsegula mpaka mzikiti utaitana.
Sindinamuuze zimenezo.
Pali matope ena omwe mmisiri sakanda,
amangowapeza agwira kale.

Mdoka ndinkamuponyera mpira pamphumi
makumi asanu tsiku lililonse.
Tsegula maso. Tsegula maso.
Anandiuza mochedwa, tikutola makoni,
kuti ali mwana anagwedwa ndi nkhafi kumaso.
Ndinayamba kuponya pang'onopang'ono.

Tinaluzabe. Zinayi, kenako zitatu.
Ku Malindi tinapita pa lole ya mchenga,
anatigonjetsa ziwiri kwa chimodzi,
koma mverani zomwe ndinaona ine:
chigawo chachiwiri, mpira ukuponyedwa kutsogolo,
kamawu ka Lifa kanang'amba bwalo,
Tulukani!
ndipo miyendo isanu ndi itatu inaponda kamodzi,
popanda chingwe.
Mbendera inakwera.
Palibe anaomba m'manja,
anthu saombera chinthu chomwe sichinachitike.
Ine ndinatembenuka ngati ndikufuna madzi.

Pobwerera Mdoka anakhala pakona ya lole,
thonje m'mphuno, akuseka yekha,
akuti ndinauona, aphunzitsi,
ndinauona mpaka unafika.

Dzulo Idirisa wandifunsa
ngati ndikudziwa munthu ku ofesi ya mapasipoti.
Msuweni wake wamupezera malo ku Joni.
Ndamulembera dzina pakapepala.
Ndikanatani?

Chingwe ndachikulunga, chili m'thumba la ovolosi.
Mawa kukubwera a chaka choyamba.
Ndikaima pageti ngati ndikudikira wina,
ndikuyang'ana mapewa, ndikuyang'ana mayendedwe,
makamaka uyo amene amacheuka
kuona ngati mnzake watsala.